Nsapato Zobwereka

Lachisanu belu la pafakitale litalira
ndinasiya thumba la jinzi pakamwa pa makina,
ulusi uli lende,
Mpolokeng akundikoka mkono:
"Tiye kumapiri, Lineo,
ungadzafe ukudziwa zipi ndi mabatani okha."

Nsapato ndinabwereka kwa mlongo wanga Tlali,
zazikulu zoti mwana n'kugonamo.
Kutsogolo ndinafinyiramo nyuzipepala,
ndiye ulendo wonse ndinkaponda nkhani za boma.

Minibasi yochoka ku Maseru inatsokomola pa chitunda chilichonse,
thumba la ufa la mwini wake lili pamiyendo panga.
Tinatsika ku Semonkong Loweruka masana,
dzuwa lili pamutu koma lopanda mano.
Mano anali ndi mphepo.

M'chikwama munali buledi wophikidwa pa nthunzi,
mazira anayi owiritsa,
ndi fulasiki yodontha imene inandiwotha msana njira yonse.
Amuna ofunda mabulangete anatipitirira pa akavalo aafupi,
maso okha ali pamtunda.
"Khotso," iwo.
"Khotso," ife, mpweya utatithera pakhosi.

Mapapu anga ozolowera fumbi la thonje
anayamba kundiimba mlandu.
Ndinawerenga mapazi monga ndiwerengera matumba,
khumi, khumi, khumi enanso,
mpaka ndinakumbukira kuti kuno kulibe kapitawo
ndipo ndinaleka.

Tinafika kuphompho.
Kunalibe kanthu.
Nkhungu inadzaza chigwa chonse, kuti mbuu,
mathithi tikungowamva pansi penapake
akuguguda ngati galimoto yolemera yosafika.
Mpolokeng anatukwana, foni ili m'mwamba:
"Ndalama ya basi yonse ija,
kudzaona utsi?"

Pamwala panakhala mnyamata wa nkhosa,
dzina lake Seabata,
ndi galu wong'ambika khutu.
Anatiyang'ana, nayang'ana nsapato zanga,
kenaka anati, "Madzi aja sagwira ntchito ya maola.
Khalani pansi."

Tinakhala.
Dzira limodzi linapita kwa iye,
makoko kwa galu.
Tiyi tinamwera chivundikiro chimodzi anthu atatu.
Miyendo inachita dzanzi,
mabelu a nkhosa akuti ngwe, ngwe, kutali kuseri kwa nkhungu,
ndipo palibe belu ndi limodzi lomwe linkaitana ine.

Mwadzidzidzi mphepo inatembenuka
n'kukweza nsalu ija m'mphepete.

Ulusi umodzi woyera,
wautali kuposa wina uliwonse ndinaupisapo pa singano,
ukutsika pa thanthwe lakuda.
Zaka zisanu ndi zinayi zandiphunzitsa
kuti ulusi wothamanga chotero umaduka.
Ndinadikira kuti uduke,
phazi langa likufunafuna chopondera mu udzu.
Sunaduke.
Sunkasoka kanthu.
Pansi penipeni unkangosanduka fumbi la madzi
n'kukwera kudzatinyowetsa nsidze.

Sindidziwa ngati inakwana mphindi zitatu.
Nkhungu inabwerera pamalo pake
ngati munthu amene anangotuluka kukataya madzi.
Pa chithunzi cha Mpolokeng
panatuluka chala chake chachikulu ndi theka la galu.
Anaseka mpaka kukhala pa ndowe.

Usiku tinagona m'nyumba yozungulira ya miyala,
masokosi ali pafupi ndi mbaula,
matuza awiri akundigunda kuchidendene ngati mitima.
Lamulungu tinatsika mvula ikuwaza,
mawondo akukana zimene anavomera dzulo.
Nyuzipepala ija inasanduka phala.
Tlali atafunsa kuti ndinaona chiyani
ndinamubwezera nsapato zake ndi matope omwe.

Lolemba thumba lija ndinalipeza pomwe ndinalisiya.
Makina mazana anadzuka nthawi imodzi,
holo yonse n'kuguguda,
ndipo ndikatsinzina pang'ono
phokosolo limafanana ndi lija la pansi pa nkhungu.
Pang'ono chabe.
Ulusi wanga unaduka isanakwane eyiti koloko.
Ndinaunyowetsa ndi malovu,
Mpolokeng akundionetsa chala chachikulu pamzere wachitatu,
ndinaupisanso.