Wogulitsa makandulo ku Narva

Tebulo langa lili pafupi ndi khomo,
pomwe mphepo ya kumtsinje imalowera pamodzi ndi anthu.
Zaka makumi awiri ndikugulitsa makandulo m'tchalitchi muno
ndipo sindinafunsepo munthu pasipoti.

Halyna amalawira, chipale chili mbuu pamapewa.
Kwawo anathawako ndi chikwama chimodzi ndi mphaka.
Amatenga kapepala ka owapempherera n'kulemba:
Ostap, msilikali.
Zinaida amafika mochedwa, miyendo inamutupa.
Anabadwira tsidya lija la mlatho, komwe kuli mbendera ina.
Nayenso amalemba, dzanja likunjenjemera:
Gleb, msilikali.
Timapepala tiwiriti ndimaponya m'bokosi limodzi,
osati chifukwa cha nzeru zanga,
bokosilo ndi limodzi basi.

Dikoni akafika popempherera dziko,
olamulira ake ndi ankhondo ake,
ndimamva tchalitchi chikung'ambika ngati nsalu yakutha
popanda munthu kusuntha phazi.
Dziko liti?
Pakamwa paliponse pakutuluka ameni,
koma ameni aliyense walunjika kwawo.
Raivo, amene amasonkhezera moto wotenthetsa nyumbayi,
amati, pemphererani dziko lomwe limakulipirani penshoni,
zinazo n'zaphokoso.
Amaseka yekha.

Lamlungu lina panja pamasitepe
Halyna anati: ansembe akwanu amawaza madzi oyera pamizinga.
Zinaida anati: mdzukulu wanga sanasankhe.
Halyna anati: nanga nyumba yanga inasankha?
Nkhunda zinapitiriza kutola nyenyeswa pakati pawo.

Musandiyese mwala.
Ndikudziwa amene analumpha malire a mnzake,
ndipo ndinanena, pafoni, kwa mchemwali wanga Taisiya
amene zenera lake ndimaliona ndikaima m'mbali mwa mtsinje.
Kuyambira tsikulo foni imangolira.
Tinabatizidwa tsiku limodzi, m'beseni limodzi,
iye analira, ine ayi, ankatero mayi.
Lero amagwadira Khristu yemweyu ndipo amandiyesa wogulitsa mtundu.
Usiku ndimamutchula dzina pamaso pa Mulungu
mano ndili gwa.

Wansembe analalikapo za ndalama ija ya msonkho,
za Kaisara kwa Kaisara.
Ndinkawerenga makobidi m'kabati uku ndikumvetsera,
ndinafuna kukweza dzanja ngati mwana wasukulu:
Abambo, nanga Kaisara akasiya ndalama n'kufuna mwana?
Nanga a Kaisara akakhala awiri,
aliyense atanyamula mtanda patsogolo pa gulu lake?
Sindinafunse. Panali mzere wa ogula.

Pa mgonero Halyna amalola anthu atatu alowe
pakati pa iye ndi Zinaida.
Ndimawerenga, nthawi zonse atatu.
Koma chikho ndi chimodzi, supuni ndi imodzi,
imatuluka m'kamwa umu n'kulowa m'kamwa umo,
ndipo palibe amene anabwererapo pamzere.

Sabata yatha Zinaida sanatenge kapepala ka masiku onse.
Analoza kenako, ka mzere wakuda m'mphepete.
Dzina lomwelo, zilembo zinayi.
Halyna anali pambuyo pake, anaona.
Sanamukumbatire, ndisakunamizeni.
Sananene kanthu.
Potuluka anangogwira chitseko,
n'kuchigwirabe, n'kuchigwirabe,
mpaka miyendo yotupa ija inatsika sitepe yomaliza,
mphepo n'kuzimitsa makandulo theka.
Ndinayatsanso ndekha, osadziwa kuti iyi ndi ya yani.

Anthu akapita ndimatenga mpeni wanga wobuntha
kupala phula lomwe latsikira m'mbale yamkuwa.
La Ostap, la Gleb, la Taisiya lomwe ndinalipira ndekha,
laundana pamodzi, silisiyanitsika.
Ndimaliika m'chidebe, Lachiwiri amadzatenga
kukaumbanso makandulo ena.
Sindikuti ili ndi yankho.
Mizinga ikulirabe, foni ikulirabe.
Ndikungonena zomwe zimatsala m'mbale
ndikamatseka.