Fosholo ya Lameki

Fosholo ya bambo ikadali kuseri kwa khola,
mlomo wake udadyeka, udatsala ngati mwezi wongokhala kumene.
Masiku ano timawolera ndowe za mbuzi.
Siidandaula.
Idaona moto woposa dzuwa la Okutobala.

Njanji isanafike pa Golomoti
padali milambe, tsekera ndi kanjira ka apaulendo.
Kudabwera anthu a zingwe ndi timbendera
kudzayeza dziko ngati nsalu ya m'sitolo.
Kamtsitsi, bambo wa bambo anga,
adasenza zitsulo paphewa lakumanja
mpaka lidatsika, osadzakweranso.
Ankati: adandilemba ntchito ndi msonkho,
kapitawo adangolemba dzina, nalo molakwitsa.

Tsiku lomwe sitima idatulukira koyamba
nkhuku zidathawira m'minda ya thonje,
mtsuko wa munthu udasweka padooko la Livulezi.
Akuti chilombo, chimadya miyala yakuda!
Sadaname.
Chinkadyadi miyala,
ndipo wodzachipakulira anali asanabadwe.

Malashawo sanali akuno.
Ankachokera kutali, cha ku Zambezi,
m'mabogi osavindikira,
kudzapsa m'dziko la eni.
Fosholo, ng'anjo. Fosholo, ng'anjo.
Kuchoka ku Balaka mpaka ku Salima
Lameki ali chiweramire,
nsidze zidapserera akadali mnyamata.
Dalaivala ankaona dziko pazenera,
bambo ankaona moto basi.
Chitunda ankachidziwira m'msana,
mlatho ankaumvera kumapazi.

Koma kwathu ankakudziwa.
Sitima ikapitirira thanki yamadzi,
pa mlambe wong'aluka uja,
fosholo imodzi inkaphonya ng'anjo.
Waaa! m'mbali mwa njanji.
Mayi, Nangondo, osatukula nkomwe mutu:
thamangani ndi chitini, bambo anu apereka moni.

Ine ndidayesa malasha ndi makala.
Ndidawathira m'simbi Lamulungu lina,
yunifolomu idatuluka ndi zenera pamsana,
nyumba yonse kununkha mazira owola.
Kuyambira pomwepo tinkapita nawo kwa Sandifolo wosula,
iye n'kutipatsa khasu, nthawi zina kambalame kowotcha.
Minda ingapo kuno idalimidwa ndi moto wa kampani,
kampaniyo osadziwa.

Kenako kudabwera ya dizilo,
yosamwa pathanki, yosafuna wopakulira.
Bambo adawapatsa kalata.
Fosholo sadawapatse, adangoiyika paphewa
n'kutsata njanji wapansi,
kuwerenga mitanda yomwe adaidutsa zaka makumi awiri osaiona.
Adafika usiku, nati:
kani dziko lino n'lokongola chotere?

Adakhosomola zaka zisanu ndi ziwiri.
Zotuluka m'chifuwa zidali zakuda bii,
ngati ng'anjo ija ikubweza ngongole pang'onopang'ono.
Tidawaika kutsidya kwa njanji.
Powolotsa bokosi, wina adapunthwa pachitsulo.

Lero thanki ndi nyumba ya mileme.
Chisoso chamera pakati pa mitanda,
mbuzi zimagona pomwe ankagulitsira matikiti.
Sitima ikabwera, ibwera ngati mkamwini wothawa banja,
osalonjera, mwezi wathunthu osaonekanso.
Koma zakuda zikuyendabe.
Mbandakucha njinga zimatsika Khwekhwelere,
matumba atatuatatu, mabuleki akulira,
anyamata atazimiririka kuseri kwa makala,
mapiri kumbuyo kwawo ali mbee, ngati mutu wa namfedwa.
Mmodzi wa iwo ndi mwana wanga, Kamtsitsi wamng'ono.
Phewa lake lakumanja ndimaliyang'ana
osanena kanthu.

Dzana, ndikukwezera chimanga pafupi ndi mlambe uja,
khasu lidalira ngwee!
Kamwala kakuda, kowala ngati diso la njiwa.
Zaka zonsezi kali pansi, osawola, osapsa,
moni wina amene sitidamutole.
Ndakaika m'thumba la malaya.
Mayi a ana akuti kandidetsera chovala,
ati ndikataye kapena ndikaponye pamoto.
Ndati ndamva.