Chipsepse Cholira

Ku Graniteside, kuseri kwa galaja ya mabasi,
ndimapala zipsepse za nyanja imene sindinaiwonepo.
Magetsi akathima ndimatulutsa benchi pabwalo,
tupa m'manja, fumbi mbuu m'ndevu
ngati ndagona m'chigayo.

Zaka makumi awiri ndinkamata mabwato ong'aluka
a anthu opita ku Chivero Loweruka.
Ndiye anabwera Rungano, mwana wa abwana,
uja anapita ku Durban kukaphunzira zozula mano,
atasenza thabwa lalitali m'thumba la zipi.
Analigoneka chagada patebulo:
"A Kaliyati, taonani pansipa.
Thabwa lonseli limamvera tinthu titatuti."

Ndinaseka. Iye sanaseke.
Anandiphunzitsa ndi chala chopaka utoto wobiriwira.
Tsinde likatambalala, akuti, thabwa limathamanga.
Chipsepse chikatalika chimaluma madzi osataya
ngakhale funde litaima ngati khoma la ku Matapi.
Chikapendekera m'mbuyo, munthu amakhota motakasuka
ngati basi ya ku Mutare pa raundabauti;
chikaima chilili, amatembenuka pomwepo
ngati kombi yaona wapolisi.
Ziwiri za m'mbalizi, m'kati zikhale thyathyathya,
kunja ngati msana wa supuni,
zilozane pang'ono chakumphuno
monga mapazi a mwana wophunzira kuyenda.
Nsonga yokha ipyapyale,
ipindike ikapanikizidwa, kenako ibweze ngongole.

Ndinayala nsalu yagalasi, ina pa inzake,
makumi atatu ndi mphambu ziwiri,
utomoni ukundiluma m'maso.
Ndinadula, ndinapala, ndinakulunga m'nyuzipepala,
zinapita pa basi ya usiku limodzi ndi matumba a nyemba.

Patatha milungu itatu, foni:
"Zikugwira bwino, koma chapakati chikulira.
Ndikangothamanga chimayamba, mmmm,
mpaka kunjenjemera kukafika m'mawondo."

Chinthu chopanda pakamwa chilira bwanji?
Ndinatenga chinzake chotsala, ndinachitembenuza,
ndinachinunkhiza, ndinachigogoda ndi msomali. Zii.
Ndinachiviika m'diramu, ndinavundula. Zii.
Mukuvisi anali atauma, kutsala mapepala ndi matayala.

Madzulo m'kombi ya ku Zengeza ndinalanda mpando wa pawindo.
Titakwera Seke, dalaivala ataponda moto,
ndinatulutsa mkono, chipsepse m'zala.
Mayi wa pambali anafungatira chikwama chake.
Ndipo ndinachimva, osati ndi khutu,
koma m'fupa la pamkono:
kanjenjemero, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.
Mphepo ikatsetsereka mbali ziwirizi
inkakumana kumbuyo, kumene ndinasiya kobuntha,
n'kuyamba kulimbirana njira,
iyi kukankha, iyo kubweza.
Kondakitala anati mdala bwezani mkono, muusiya pa lole.

Kunali kukhuthala kwa chikhadabo basi.
Zaka zonsezi ndimasamala polowera,
kumaso, kumene madzi amayamba kugunda.
Sindinkadziwa kuti chinthu chimalirira potulukira,
pamene zimene chinalekanitsa zikumananso.

Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi
kudzakonza njanji mumzinda uno,
ndipo sanabwerere.
Usiku ankang'ung'udza chonchi, milomo ili chitsekere.
Tinkati ndi nyimbo.

M'mawa ndinatenga sandipepa wosalala,
ndinakhula kumbuyo, mbali imodzi yokha, mopendeketsa,
kasanu ndi kawiri, n'kuleka.
Kunola kwambiri kungacheke mwendo wa mwana wa eni.

Lachinayi uthenga wamawu unafika
ndikudya chimanga chootcha pageti.
Rungano sanayankhule kanthu.
Anangolozetsa foni kunyanja,
masekondi makumi anayi a madzi akugwa, akudzuka, akugwanso,
ndipo kumapeto, akupuma mwawefuwefu:
"Chatonthola."

Ndaumvera kakhumi.
Anyamata owotcherera akuti ndi phokoso la wailesi yotaya siteshoni.
Mwina.
Ine ndikumva mmene ntchito yanga ilili chete m'katimo.