Alonda Osafunsa Dzina

Delufina, mlongo wanga,
ndakhala pa benchi la chipatala cha ku Tete,
dzuwa la Okutobala likutafuna malata,
iwe uli m'katimo, akukukoka magazi kachisanu mwezi uno.

Chipsera changa chikuyabwa,
apa, kunsi kwa nthiti za kumanja,
pamene anadula nthuli ya chiwindi changa
kutsidya kwa nyanja kuja
n'kuisokerera mwa iwe.
Ndinkati bere tinayamwa ndi limodzi,
idzalowa ngati mwana wobwerera kwawo,
wosaodira pakhomo.

Dotolo wa magalasi othyoka mwendo uja
anandijambulira kuseri kwa envulopu.
M'thupi, akuti, alonda alimo a mitundu iwiri.
Ena amaphunzira nkhope, amasunga kaundula,
amakumbukira ngakhale chikuku cha ubwana wako;
amenewo mapiritsi amawagoneka.
Koma ena tinabadwa nawo.
Sanapite kusukulu. Safunsa dzina.
Akangonunkhiza chovulala
amathamangira komweko ndi zibonga ndi miuni.

Ndinaseka, mlongo, posayenera kuseka.
Zaka khumi ndi zinayi ndikulondera malasha ku Mowatize,
anthu amenewo ndimawadziwa.
Ndine mmodzi wa iwo.
Usiku wina wa fumbi ndinakantha mthunzi pa waya,
kuyatsa tochi: Zefa,
mwana wa Anakuleto mnzanga wapantchito,
chigubu cha tiyi wa atate ake chili gada pansi.
Mpaka lero chigongono chake sichiwongoka.

Akuti nthuli ija inagona mu ayezi
yopanda magazi, yopanda mpweya,
ine ndili chikomokere chipinda china.
Ukuikumbuka ngalande ya kudimba la ababa ku Domwe?
Tikatsegula madzi mwaphuma m'chilimwe
nthaka yong'aluka ija sinkamwa,
inkagumuka,
mbatatesi n'kutsala mizu pamtunda,
ababa n'kutilasa ndi chibuma.
Magazi ako analowa choncho.
Maselo ena anaphulika, nalira,
kulirako n'kudzutsa mudzi.

Chondidya mumtima n'chakuti
oyamba kukuwa anali anga,
alonda ogona m'chiwindimo chibadwire changa,
amene ndinakutumizira osadziwa.
Ako anangomva mfuu nakhamukira,
aliyense kumenya kumene kukuchokera phokoso.
Ndinakupatsa nyumba, agalu ake ali momwemo.

Masiku asanu ndi anayi
maso ako ali psuu ngati papaya,
ukudzikanda mpaka kutuluka magazi,
manambala papepala akukwera ngati mtengo wa feteleza.
Sindinapemphere bwino.
Ndinkangogwira pamimba panga n'kumanong'ona:
anyamata, ndi wathu uyo, tsitsani mikono.
Sanandimve. Alibe makutu a mawu.

Anatopa okha, kapena mankhwala, kaya.
Dotolo akuti moto ukazilala
alonda omwewo ndiwo amasesa phulusa,
kunyamula zakufa, kuitana omanga.
Zimenezonso ndikuzidziwa.
Zefa ndinamubereka ndine kumsana
mpaka pamsewu waphula,
akundimenya m'khosi ndi dzanja labwinolo.

Changa, akuti, chameranso chonse,
ngati chinangwa chodulidwa.
Chako chikuphunzira kukhala nawe
monga mtengwa m'mudzi wa apongozi,
chikudya mochenjera, chikugona tulo tapamwamba.

Watuluka, thonje lili pamkono,
ukunena kuti zotsatira ndi Lachinayi,
ndipo ukufuna pende wouma wa ku Chikowa
amene anakuletsa chifukwa cha mchere.
Tikangana m'chapa mpaka pamlatho.
Zambezi adzakhala ali phee pansipo,
wotsika, wabulauni, wosalabadira.

Usiku uno ndili pantchito.
Anakuleto anasamutsidwira kugeti lina,
timangopatsana moni wa m'maso.
Waya akagwedezeka mumdima
ndimadziuza kuti ndiyamba ndafunsa:
ndani?
Koma mkono uwu, Delufina,
unabadwa pakamwa pasanaphunzire kuyankhula.