Sefa Yaifupi pa Mkaika

Inayamba kutsokomola nditangodutsa Benga,
pikapu ya malemu a Chikadza,
matumba khumi ndi awiri a mpunga kumsana,
ine pachiwongolero.
Ndikaponda moto, iyo kubwebweta.
Ndikapondanso, befu ngati wa mphumu,
mpaka zii, patsogolo pa golosale ya pa Mkaika.

Swaleyi anatuluka kunsi kwa lole ina,
ovolosi yong'ambika pabondo,
sanandipatse ndi moni womwe.
"Dizilo munamwetsa kuti, mayi?"
Ndinayang'ana zikhadabo zanga.
Anali wa m'zigubu,
sabata ija pomwetsera mafuta panali gwa
ndipo mnyamata wa kuseri kwa chigayo
analumbira pali mayi ake kuti ngwabwino.

Anamasula sefa, naikhuthulira m'botolo lodula pakati.
Pamwamba mafuta,
pansi madzi,
pakati dzimbiri ndi timchenga tofiira
tikuvina pang'onopang'ono.

Tinatuma Amidu pakabaza yamoto kuboma.
Anabwera dzuwa litapendeka,
kabokosi m'thumba la malaya, chenji palibe.
Nditaiimika pambali pa yakale
inaperewera zala zitatu.
Zala zitatu!
Theka la thumba la mpunga
ndagulira kanthu konga kachitini ka machesi?

Apo ndiye bwalo linadzaza.
Wogulitsa nzimbe akuti yaikulu ndiyo yeniyeni,
mphunzitsi wopuma ntchito akujambula pansi ndi kamtengo
kuwerengera malita,
anyamata a bawo akugwedezana m'nthiti:
"Kukula kuli ndi ntchito, mayi, funsani aliyense,"
kenaka phwete, ngati ndine wosamva zining'a.
Ndinawasiya. Mano ndi awo.

Swaleyi sanaseke nawo.
Anagunditsa masefa awiriwo pakamwa ndi pakamwa
ngati ana opimana msinkhu.
"Thupi lisakupusitseni. Onani apa.
Mazinga akagwirana,
kamphira aka kakakhala pamalo pake,
mafuta adutsa, injini siidziwa kutalika.
Ndinaonapo yaikulu yokongola
ikudontha kuyambira Dwangwa mpaka Salima
chifukwa pakamwa sipanagwirizane."
Anapukuta manja m'kansanza.
"Koma ndisakunamizeni.
Yaifupi imakhuta msanga.
Zoipa zomwe inayo imasunga miyezi isanu ndi umodzi
iyi izisenza itatu, kenaka itsamwa.
Mubwere mvula isanagwe."

Anaidzaza dizilo woyera,
nadzoza kamphira ndi chala,
naimanga ndi dzanja lokha, sipanala ili pansi.
"Chomangitsa kwambiri chimang'aluka."
Ine ndiye ndinapopa,
kupopa, kupopa,
thovu likutuluka pa kabawuti
mpaka mphepo yonse itatha
ndipo chala changa chachita dzanzi.

Polowa m'galimoto ndinakhalira kapilo kaja.
Sindinakachotse chichokereni iwo.
A Chikadza anali afupi,
popanda kapiloko msewu sankauona bwino,
pamaliro anthu ankanong'ona za bokosi lawo
kuti likadakwana mwana wa Fomu Wanu.
Koma ngongole ya kubanki inkathera mwa iwo,
mwano wa pa rodibuloko unkathera mwa iwo,
matayala ophulika usiku pa Bua,
mpunga wonyowa wokanidwa pamsika,
zonse.
Pakhomo pankafika zoyera zokhazokha,
ana akuyenda bwino osadziwa chifukwa chake.
Palibe anatiuza kuti tiwamasule,
tiwakhuthule m'botolo, tione.
Anatsamwa ali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi.

Kiyi kamodzi, kukana.
Kachiwiri, kutsokomola.
Kachitatu inalira,
utsi wakuda n'kusanduka woyera,
a bawo n'kubwerera ku bawo lawo.

Yakaleyo sindinataye.
Ili kuseri kwa mpando m'jumbo,
ikununkhitsa kabini yonse,
ikugubuduka ndikakhota.
Pa khomo la galimoto, mkati,
ndalemba ndi msomali: Novembala.
Mpunga wa Abiti Ndala wachedwa maola asanu
ndipo andilalatira.