Kadontho ka Pensulo pa Mapu

Jenereta inatsokomola kawiri isanavomere,
kenako nsalu yoyera ya Delfina
inawala pakati pa mitengo ya koko,
chakumtunda kwa mtsinje wa Huallaga.
Zinabwera zonse: zikumbu, ziwala, tina tosadziwika dzina,
ndi kena kotuwa ngati phulusa lonyowa
kamene kanatera pakona, mapiko ali tambasu,
mimba italoza kumwamba.

"Njenjete iyi," ndinatero ine Wilder Tananta,
amene ndakalambira m'munda uno.
"Gulugufe sayenda usiku.
Taonani tinyanga take, ulusi weniweni,
topanda timitu kunsonga."

Delfina sanatsutse. Anangondipatsa galasi lake.
"Werengani miyendo imene kaimira."
Inayi.
Iwiri yakutsogolo kanaipinda pachifuwa
ngati munthu wodzapepesa mlandu.
"Patsinde pa phiko pali khutu," anatero,
"kamamva mleme usanafike."
Ndinaseka mpaka kutsamwa. Khutu paphiko!
Koma mleme unadutsadi,
ndipo kanzake kamene kamazungulira nyali
kanadzigwetsa dala m'udzu.

Kutacha anandikokera ku mtengo umene ndinabzala ndekha,
natembenuza tsamba limodzi.
Kunsi kwake kunagona kanthu kobiriwira,
kosafunda chikwa, kosabisala m'dothi,
kongomangidwa lamba wa ulusi m'chiuno.
"Agulugufe amagona motere," anatero.
Ndinasowa chonena.
Dzina lake, Macrosoma, linandipinda lilime,
ndinalibwereza katatu, iye akuseka.

Anayala mapu pa thumba la koko wouma.
Timadontho tinayambira ku Mexico,
tinalumphira ku Cuba, ku Jamaica, ku Trinidad,
n'kutsetsereka ndi nkhalango zamvula
mpaka kwathu ku Peru kuno, ndi kwa anansi athu a ku Brazil.
Kutsidya kwa nyanja yamchere kunalibe n'kamodzi komwe.
Pafupi ndi Juanjuí panali mbee.
Ananyowetsa pensulo ndi malovu,
nadinda.
"Apa ndi pamunda panu."

Bwato lake linapita Lachinayi.
Nsalu anandisiyira, yathimbirira ndi fumbi la mapiko.
Masiku ano ndimachedwa kuweruka,
Eusebia amafunsa ngati chikwanje chabuntha.
Sichinabunthe.
Kungoti nthambi iliyonse, ndisanaidule,
ndimayamba ndasuzumira kunsi kwa masamba,
kuopa kuti ndingagwetse mlendo
amene mwina anafika kuno agogo anga asanabadwe,
ine n'kumamutcha dzina la wina.