Amene Anamudziwa Zuze Alufandika

Ndinalemba ndi makala pa katoni ya sopo,
n'kuipachika pamsika wa Bangula,
pakati pa mayi wa milamba youma
ndi mnyamata wotchaja mafoni:
Amene anamudziwa Zuze Alufandika,
wamfupi, wamanzere, wosoka maukonde,
anaoloka kuchokera ku Mutarara chaka cha dzombe,
andiimbire. Ndine mdzukulu wa mwana wake.

Zomwe ndili nazo sizidzaza thumba la malaya.
Chiphaso cha msonkho chomwe madzi osefukira ananyambita
n'kusiya chidindo ndi theka la dzina.
Singano ya nsungwi.
Nyimbo imodzi ya Chisena
yomwe bambo ankang'ung'udza akamameta ndevu,
mawu ake ena sindiwamva,
ndipo sindinafunse nthawi ilipo.

Ku parishi ya Nsanje akatekisiti a Bandazi
anatsegula kabati ndi phewa.
Buku la ubatizo linatuluka ndi chiswe chake.
Tinawerenga a Yosefe khumi ndi mmodzi m'chaka chimodzi,
onse opanda atate, opanda mudzi.
"Ansembe a nthawiyo," anatero akupukuta magalasi,
"dzina likawapinda lilime
ankangotola lina m'thumba mwawo."

Pa Mtayamoyo wopalasa bwato anati,
"A Alufandika ndi bango, achimwene,
ayambira pano mpaka ku Marka.
Mfunda wake ndani?"
Ndinayang'ana namasupuni akuyandama.
Anandilipiritsa mtengo wa alendo.

Ku Makhanga, komwe njanji imamira mumchenga,
ndinapatsidwa imfa zitatu tsiku limodzi.
Wina anati anagwa pa mlatho wa Chiromo atasenza chitsulo.
Wina anati ng'ona, m'dambo la Ndindi, mbandakucha.
Wina analumbira kuti anakwera sitima ya ku Halale
ndipo ali ndi zidzukulu zosadziwa kutentha kwa Okutobala kuno.
Onse atatu ndinawagulira tiyi.
Ndinabwerera ndi manda atatu,
opanda ndi amodzi omwe oti n'kukasesapo.

Mkazi wanga anati, "Thonje likukudikira kumunda.
Akufawo sathawa."
Sadziwa kuti uyu anathawa kale,
kawiri mwina.

Patapita miyezi iwiri, katoni itafufuma ndi mvula,
foni inalira usiku, udzudzu uli pa ntchito.
Mawu a nkhalamba, ouma ngati mapesi a mapira:
"Ndine Nyachikadza, kwa Tengani.
Zuze wamanzereyo ndi wanu?
Chaka cha njala anabwereka bwato la atate anga,
la mtondo, latsopano,
akuti akakumbe nyika m'dambo abwere mawa.
Mpaka lero.
Atate anafa akulitchula bwatolo
kuposa mmene ankatchulira ife."

Ndinakhala pansi, pa dothi lotentha la khonde.
Ndinaseka mpaka galu anauwa.
Ndimayembekeza msilikali, kapena mmisiri wa mlatho,
wina woti n'kumuika m'felemu pabalaza.
Ndapeza munthu wa ngongole.
Koma anaima pagombe lenileni,
ananama ndi pakamwa penipeni,
ndipo m'bwato lobalo
munali kamwana ka miyezi isanu, kotupa mimba,
komwe kanadzabala bambo anga.

Loweruka ndinakwera kabaza ndi mbuzi yomangidwa kumbuyo.
Mayiyo sanaiyang'ane n'komwe.
"Mbuzi si bwato," anatero.
Anatunga madzi mumtsuko, n'kundipatsa chikho,
ine ndi ludzu langa la ulendo
ndinaiwala mwambo, n'kulandira ndi dzanja lolakwika.

Anagwira mkono wanga osausiya,
akuutembenuza ngati nsomba ya pamsika.
"Ii," anatero. "Ndi lomweli
linamasula chingwe."

Kenako anaitana mdzukulu abweretse mpando,
nayamba kundiuza kumene bwatolo linaonedwa komaliza,
kumtunda, cha ku Ruo,
ndi dzina la mkazi amene anakhala kutsogolo,
dzina lomwe kwathu palibe anali atalimvapo.
Ndinalibe pepala.
Ndinalemba kuseri kwa chiphaso chija.